Njuchi za pa Khonde ku Ruaka

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko? Ndine Esinati, mwana wanu wachisamba uja. Zaka ndadutsa makumi asanu ndi awiri, miyendo ikukana, ndipo zilembo ndinaphunzira nditamera kale imvi, ndiye muwerenge moleza mtima.

Za kumudzi ku Ntchisi ndimamva pa foni. Mlongo wanga Yohane wakolola chimanga chokwanira, koma mtedza wadyedwa ndi chiswe. Ine ndili kutali, ku Nairobi, dera lotchedwa Ruaka, m'nyumba zosanjikizana mpaka mutu kuzungulira. Mwana wanga Chisomo amagwira ntchito ku Gigiri, ndipo anandiitana kuti ndizimulerera khanda lake, Tadala. Mphumi yake ndi yanu yeniyeni.

Ndinabwera kuno nditatopa ndi zonse, Amayi. Amuna anga anapita, anzanga atha, ndinkangoti ndilere mwana, ndidye, ndidikire tsiku langa. Mdzukulu wanga wamkulu, Yamikani, amene amaphunzira ku Madaraka, amandifotokozera za m'mabuku ake: akazi a makedzana, nthawi ya malupanga ndi akavalo, otulukira mwadzidzidzi kuti ali ndi mphamvu m'manja. Ndinkamuyankha kuti, “Iwe, mkazi wotero kwathu amamugwetsera nyumba.” Ndinkanena za inu. Sindinaiwale mmene anthu anakuponyerani miyala chifukwa njuchi zinkamvera nyimbo yanu, amvekere ndinu mfiti.

Tsopano imvani. Mwezi watha, masana, Tadala ankalira osatonthola. Ndinamubereka n'kutuluka naye pakhonde. Ndikumugwedeza, pakamwa panga panatuluka kanyimbo kosadziwika kumene kachokera. Ndinazindikira mochedwa kuti ndi kanu kaja, koitanira. Ndinangomva kulira ngati galimoto ili patali, kenaka kumwamba kunada. Njuchi, Amayi! Zinatera pa chitsulo cha khonde, mulu waukulu ngati dengu, zina pa dzanja langa. Palibe imene inandiluma. Ndinayima chilili, mkodzo uli pafupi kutuluka.

Mlonda wa pageti anakuwa kuti, “Shosho, nyuki! Ingia ndani!” Ndiye kuti agogo, njuchi, lowani m'nyumba. Ndinalowa, koma izo sizinachoke. Mwini nyumba anaitana anthu ovala zoyera, anazifukiza utsi n'kupita nazo m'bokosi. Kutacha zinali zitabwerera. Ndikapita kogula masamba, zingapo zimanditsata pamwamba pa duku, ndipo amayi ogulitsa ayamba kundipatsa zinthu atatambasula dzanja patali. Maso amenewo ndikuwadziwa. Ndi omwe ankakuyang'anani nawo kuchigayo.

Chimene chikundidya ndi ichi. Lachiwiri njuchi imodzi inamuluma Tadala pakhosi. Mwana anatupa nkhope yonse, mpweya n'kumatuluka ngati wa mwanapiye. Tinathamanga naye pa takisi, ndipo adokotala anati ikadzamulumanso mwina sitidzafika naye kuchipatala. Chisomo wamata mazenera onse, akufunafuna nyumba ina. Akuti vuto ndi maluwa a aneba. Sindinamuuze kuti ngakhale tisamukire kutsidya kwa mzinda, zidzatipeza, chifukwa zikutsata ine.

Munkati, “Esinati, ukaitana alendo udziwenso kuwaperekeza.” Nyimbo zinali ziwiri, yoitanira ndi yobalalitsira. Yoyamba inandilowa yokha ndili kumsana kwanu. Yachiwiri munkafuna kundiphunzitsa kuthengo, ine ndinatseka makutu, poti ndinkafuna kukwatiwa ngati anzanga, popanda wondiloza chala. Ndayesa kuikumbukira ndikuchapa matewera, ndayesa ndili m'tchalitchi, Mulungu andikhululukire. Ndimangogwira poyambira, pamene mawu anu ankatsika, kenaka zii. Dzulo ndinayesa mokweza pang'ono, ndiye zinabwera zochuluka kuposa kale.

Ndamuuza Chisomo kuti ndapukwa kumudzi, andigulire tikiti ya basi. Wakwiya, akuti ndikumuthawa pa nthawi yovuta. Ndamusiya aganize choncho. Kumudzi kuja ndikudziwa chimene amachita ndi nkhalamba yotsatidwa ndi njuchi. Koma bola miyala igwere ine.

Basi inyamuka Loweruka. Chonde, Amayi, ndiyankheni lisanafike. Ndikudziwa kuti kumanda kulibe pepala, ingobwerani kutulo mudzandiyimbire kamodzi kokha, pang'onopang'ono, poti mutu wanga wakalamba. Ndikulonjeza kuti ulendo uno ndimvetsera mpaka kumapeto. Mukapanda kubwera, ndikwera basiyo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati