Buku la Nyimbo Limene Munapita Nalo

Amayi, kumene muliko kukucha bwanji?

Kuno ku Chinsapo mvula inatha, fumbi layambanso kulowa pansi pa chitseko. Papita miyezi isanu ndi inayi chikuikireni m'manda, ndipo aka n'koyamba kuti ndikhale pansi kukulemberani. Ndakhala ndikuyamba n'kusiya. Inu mukundidziwa. Munkati, "Yamikani, iwe umaganiza mpaka tiyi azizire, kenako n'kuyambanso kuganiza chimene wazizirira." Sindinasinthe.

Ndiyambe ndi zabwino. Mlongo wanga Esinati anachira ku Blantyre mwezi wathawu, mwana wamkazi. Amupatsa dzina lanu. Ine ndangomuona pa foni, koma chipumi chija ndi chanu ndithu. Mtengo wanu wa mapeyala wabereka mpaka nthambi imodzi inathyoka n'kugwera pa denga la bafa. Ndinadya angapo, ena ndinagawira anansi, ambiri anangowolera pansi chifukwa pakhomo pano pakamwa patsala pamodzi. Kamunda ka kuseri ndinadzala mochedwa, chimanga chake sichinadzaze n'komwe dengu lanu lalikulu lija. Ndikuphunzitsabe ku Area 25. Ndimakwera maminibasi awiri popita, awiri pobwera, ndipo ndikafika pageti ndimapezeka ndikunenabe kuti "odi," ngakhale kiyi ali m'thumba mwanga.

Koma chimene chandikhazika pansi lero ndi nyumba yanuyi. Pali munthu akufuna kutilanda, ndipo ine ndalakwitsa zinthu ziwiri. Ndiziulula monga mmene zinatsatanirana poonekera.

Choyamba ndi cha Che Amidu, telala wanu wa m'chipinda choyang'ana kumsewu, amene wakhala pa lendi pano kuyambira ndili sitandade wani. Esinati anandiimbira mwana asanabadwe. Anati pali mnyamata wina wogulitsa mafoni amene akufuna chipindacho ndipo angamalipire bwinoko. "Achimwene, mayi ankawasunga chifukwa cha chisoni. Ife tili ndi mavuto athu. Apatseni notisi." Sindikumuda Esinati, anali ndi nkhawa zake. Wolakwa ndine, chifukwa ndinavomera mtima usakufuna, ndipo ndinachita mwamantha. Ndinatayipa kalatayo m'Chingerezi pa kompyuta ya kusukulu. Ndinadikira Lachisanu masana, nthawi ya holide, iwo atapita ku mzikiti, n'kuilowetsa pansi pa chitseko. Munthu amene anandisokera kabudula wanga woyamba wa sukulu, ndinamulankhula kudzera pansi pa chitseko.

M'mawa mwake ndinawapeza akusesa pakhonde lawo. Moyo wanga wonse akhala akunditcha Yami. Tsikulo anaimika tsache n'kuti, "Mwadzuka bwanji, alandilodi? Kalata yanu ndailandira. Chizungu chake n'chakuthwa, wondiwerengera kumsika anachita kubwereza kawiri." Anamwetulira n'kupitiriza kusesa. Ndikanakonda akanandilalatira.

Patapita masabata awiri kunabwera a Filipo, mwana wa malemu a Kamwendo amene anakugulitsani malo ano. Anafika Loweruka m'mawa ndi anthu awiri atanyamula tepi yoyezera. Anakhala pa benchi lanu asanapatsidwe.

"Achimwene, pepani ndi zovuta zija," anatero. "Tinati tikusiyeni kaye mulire. Koma malowa bambo anga anangowabwereka mayi anu kuti azikhalapo ali moyo. Tsopano poti anatisiya, a kubanja akuwafuna."

"Anagula," ndinayankha, koma mawu anga anatuluka aang'ono ngati a mwana wa m'kalasi mwanga.

"Ngati anagula, pepala lili kuti? Inu ndinu a digiri, mukudziwa kuti masiku ano zinthu zimayendera mapepala. Tionetseni, ife tipepesa n'kumapita."

Anzawo aja anali atayamba kale kuyeza kuchokera pageti kukafika pa mtengo wa mapeyala. Ine ndinangoima n'kumawayang'ana. Inu mukanawathamangitsa ndi chipande. Ndamva kuti pali wina akufuna kumanga mzere wa mashopu m'mbali mwa msewu uno, n'chifukwa chake malo amene kale anali thengo akumbukiridwa lero.

Ndinafufuza pepalalo masiku anayi. Ndinakhuthula sutikesi yanu, chitini cha mabisiketi chija, pansi pa matiresi, m'matumba a majuzi amene anatsala pogawa zovala. Ndinapeza makhadi athu a sikelo, malisiti a madzi ambirimbiri, chithunzi cha bambo ali pa njinga. Pepala la malo ayi.

Ndinapita ku tauni, ku ofesi ina kumene amathandiza anthu pa zamalamulo. Mayi amene ndinamupeza anandimvetsera modekha. Anati poti simunasiye wilo, lamulo limati chuma chanu ndi cha ife ana anu, koma tiyenera kutenga kalata ya kukhoti yotilola kuchiyang'anira. Anatinso kutayika kwa pepala sikutanthauza kuti kugulako kwafafanizika. Zaka zonse zimene mwakhalapo popanda wokuvutitsani, nyumba imene munamanga, malisiti a madzi okhala ndi dzina lanu, zonsezo zimalankhula. "Koma chimene chingakuthandizeni kwambiri," anatero, "ndi munthu amene analipo tsiku logulitsanalo. Mboni zinali ndani?" Ndinati amfumu akale aja, amene anamwalira, ndi amalume a Jailosi, amenenso anatsogola inu musanapite. Ngati panali wina, sindinkamudziwa.

Ndisanatuluke ndinamufunsanso za notisi ija. Pansi pa mtima ndinkafuna anene kuti ndinailemba molakwika, kuti ilibe mphamvu, ndipeze pothawira. Anaiwerenga n'kunena kuti, "Munthu wolipira pamwezi mwamupatsa mwezi wathunthu. Apa ndiye mwatsata bwino." Amayi, chinthu chokhacho chimene ndinachita bwino mwalamulo ndi chimene chimandichititsa manyazi.

Tsiku losamuka Che Amidu linafika. Anabwereka ngolo yokankha, n'kukwezamo tebulo, chitsulo chositira ndi matumba a zigamba. Ine ndinali pakhonde, mapepala anu ali mbwee, ndikuwabwerezanso kachitatu. Anabwera kudzapereka kiyi.

"Alandilodi, mwatembenuza nyumba yonse ngati mwataya singano. Mukufuna chiyani?"

Sindinawauze kalikonse za a Filipo masiku onsewo, nkhope yowauzira ndinalibe. Tsikulo ndinawafotokozera. Anamvetsera kiyi ali m'manja. Kenako anafunsa mwapansipansi, "Buku lawo la nyimbo lili kuti? La chikuto cha nsalu yabuluu lija?"



"Chikuto chija ndinasoka ndine," anapitiriza. "Mkati mwake, chakumbuyo, ndinaikamo kathumba. Anandiuza okha kuti pepala la malo lizikhala mmenemo. Anati makoswe amadya za m'sutikesi, akuba amanyamula chitini, koma bukulo sasiyana nalo. Anati ngakhale nyumba itapsa Lamlungu, iwo adzakhala ali nalo m'manja."

Apa ndiye pali kulakwa kwanga kwachiwiri, kumene kunali koyamba kuchitika. Mukukumbuka, kapena mwina simungakumbuke, mmene amayi a kumpingo anakuvekerani yunifolomu yanu yoyera ndi duku. Bokosi lisanatsekedwe, mtsogoleri wawo anaitana kuti, "Mwana wa malemu ali kuti? Bweretsani buku lawo, membala sapita chimanjamanja." Ndinalowa kuchipinda kwanu n'kulitenga pansi pa pilo. Linali lomangidwa ndi kamphira. Ndinamva ndithu kuti chikuto chakumbuyo n'chokhuthala, ndipo maganizo oti nditsegule anandibwerera. Koma pakhomo panali azimayi akundiyang'ana, nyimbo ili mkati. Ndinaopa kuti anena kuti mwana uyu akusecha buku la mayi ake iwo asanaikidwe. Ndinalinyamula ndi manja awiri n'kuliika pachifuwa panu. Amayi aja anati, "Mwachita bwino, mwanathu."

Nditawauza Che Amidu zimenezi, anakhala pansi pa sitepe.

"Ine ndinali panja ndi azibambo, za mkati sindinazione," anatero. "Ndikanaona ndikanakuwa, ngakhale pakati pa nyimbo zanuzo. Akanati Msilamu wapenga, koma ndikanakuwa."

Ndinalira, Amayi. Pa maliro anu ndinadzigwira chifukwa cha anthu, koma tsiku limenelo ndinalira pamaso pa munthu amene katundu wake anali pa ngolo chifukwa cha ine. Anandisiya mpaka nditamaliza. Kenako anati, "Pepala lapita ndi mwini wake. Koma dzina lachitatu pa pepalapo ndi langa."

Anandifotokozera zonse. Nthawi imeneyo ankasokera pakhonde la golosale ya pamphambano. Inu munawaitana chifukwa munkafuna mboni imene si m'bale wanu kapena wa a Kamwendo. Akuti malire anayezedwa ndi mapazi kuchokera pachulu chimene chinali pomwe pali geti lero kukafika pa ngalande. Akuti a Kamwendo anadinda chala chifukwa sankalemba, ndipo inki yake anachita kufinya m'bolopeni. Kenako anandiyang'ana n'kuti, "Filipo analipo, ali kamnyamata ka mamina, akuthamangitsa nkhuku. Inu munali kumbuyo kwa mayi anu, mukulira ndi chikuku. Kulira kwanu ndinayamba kukumva tsiku limenelo."

Ndinawagwira dzanja n'kuwapempha kuti atsitse katundu, kalata ija tiing'ambe. Anakana.

"Ayi, alandilodi. Ndikatsitsa katunduyu lero, Filipo adzati mwandigula ndi chipinda. Adzati telala akunama kuti asagone panja. Ndisiyeni ndipite. Ndikaima pamaso pa anthu ndidzati, munthu uyu anandithamangitsa, sindimudyera kanthu, koma mayi ake malo anagula ine ndikuona. Pamenepo ndani adzanditsutse?"

"Nanga nkhani ikatha?" ndinafunsa.

"Ikatha mudzabwere ku Mchesi, ndili pakhonde la msuweni wanga pafupi ndi opala matabwa. Mudzanene zimene mukufuna ndi pakamwa. M'Chichewa."

Anandipatsa kiyi, n'kukweza mashini awo okha. Sanalole kuti ndiwathandize kukankha.

Esinati nditamuuza pa foni kuti pepalalo lili m'manda, anati, "Achimwene, kodi sitingapemphe chilolezo chofukula?" Asanamalize n'komwe anayamba kulira, mwananso n'kuyamba kulira kumbuyo kwake. Ndinamuuza kuti zimenezo ayi. Aka kanali koyamba chimwalirireni inu kuti ndinene ayi osayamba ndaganiza. Iyenso anati sankatanthauza, ndi mantha chabe. Za mnyamata wa mafoni uja sanazitchulenso, ndipo chipindacho ndangochitseka.

Nkhani ikambidwa Lachitatu likubwerali kwa amfumu atsopano. Ikakanika kumeneko ipita ku khoti. Sindikudziwa mmene idzathere. Malisiti a madzi ndawasanja mwa zaka zake, anansi awiri avomera kudzanena kuti anakuonani mukuumba njerwa za nyumba ino. Che Amidu atumiza uthenga kuti afika m'mamawa ndipo ndisawatumizire ya minibasi.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti nyumba ino inkakhala ndi phokoso. Inu mutapita ndinkati kuli zii, koma mashini aja ankalirabe kuseri kwa khoma kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo azimayi odzayesa madiresi ankakangana nawo za tsiku lotenga. Ndikamachonga makope Loweruka ndinkamva zonsezo osazilabadira. Tsopano ndimamva mapeyala akugwa pa malata. Dzulo ndinatsegula chipinda chija kuti ndisese. Pansi pali timaenje tinayi pamene miyendo ya tebulo inadya simenti, ndipo pakhoma pali mizere ya choko imene ankandiyezera msinkhu chaka chilichonse posoka yunifolomu. Mzere womaliza ndi wa fomu folo. Sindinasese.

Nthawi zina ndimakukwiyirani pang'ono kuti bwanji simunandiuze za kathumbako. Kenako ndimakumbuka kuti kangapo konse muli kudwala munati, "Yamikani, khala pansi ndikuuze za pakhomo pano," ine n'kumati, "Mudzandiuza mukachira." Ndinkaopa kuti ndikamvetsera ndiye kuti ndavomereza kuti mukupita. Munandiyang'ana n'kunena kuti, "Sukulu yonseyi, koma mantha ngati a bambo ako." Munaseka, inenso ndinaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Bukulo lisungeni, Amayi. Ndi lanu, ndipo pepala limene lili mmenemo lili ndi dzina lanu. Palibe adzakusokonezeni. Ine ndikulonjeza zinthu izi. Lachitatu ndidzalankhula mokweza kuti wa kumbuyo amve, ngakhale mawu atanjenjemera. Tikapambana, ndidzalembetsa malo ano m'dzina langa ndi la Esinati, ndipo ndidzamuuza iye ndi pakamwa pamene mapepala ali. Ndipo kaya tipambane kaya atilande, Lachinayi m'mawa ndidzakwera minibasi ya ku Mchesi ndi thumba la mapeyala, osanyamula kalata iliyonse. Ndidzaima pakhonde paja mpaka adzanditchulenso kuti Yami.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri pakhomo pano.

Ndine mwana wanu,
Yamikani