Rivirivi Wasamuka

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, amayi mwendo uja ukupola.

Rivirivi watiputira mlandu. Dzinja lino mtsinje unasiya khwawa lake n'kudzera pakati pa dimba lathu, moti nthochi zathu zatsala tsidya. A Mussa oyandikana nafe aja akuti malire ndi mtsinje, choncho nthochizo n'zawo.

Mukundidziwa, sindilankhula mozungulira. Ndinati, "Akulu, mtsinje si madzi iyayi! Madzi adzulo ali ku Shire pano. Mtsinje ndi khwawa, ndipo khwawa silinasunthe."

Iwo anati, "Nanga akuyenda m'dimba mwanuwa n'chiyani?"

"Madzi chabe."

"A ndani?"

"Anga, si ali kwanga!"

"Alhamdulillah, mwini wapezeka. Madzi anuwo anandikokololera mbuzi ziwiri."

Achimwene, inu munapita patali ndi sukulu. Mtsinje kwenikweni n'chiyani? Muyankhe msanga, nthochi zikupsa, ndipo a Mussa akumadutsa pakhola pathu akusankha ndi maso. Koma mukakhala mbali yawo, musavutike n'kulemba.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Fanuwelo