Bambo Kenani Mwangonde Akadali M'madzi

Kwa mayi Asimenye Mwangonde, mwana wanu Ipyana, abale ku Karonga, ndi onse amene uthengawu uwafike,

Ife a Bungwe la Amalawi Okhala ku Hull tadzidzimuka ndipo tasweka mtima ndi imfa ya bambo Kenani Mwangonde, omwe anagwera m'nyanja kuchokera pansanja imene kampani ina ikumanga pamalo pomwe yapeza gasi wochuluka, kutali ndi gombe la mzinda uno. Koma tisakubisireni, pamwamba pa chisonicho takwiya.

Malemuwa anali katswiri wowotcherera mapaipi, ndipo achinyamata athu ambiri anaphunzira lusolo m'manja mwawo. Koma chimene tidzawakumbukire koposa n'chakuti Mmalawi akatisiya kuno, kaya ku Hull, ku Wakefield kapena ku Middlesbrough, iwo ndiwo ankathamanga m'maofesi, n'kuperekeza bokosi mpaka kubwalo la ndege. Ankakonda kunena kuti, "Munthu wathu sagona kuchilendo ine ndili moyo."

Lero iwowo ndi amene ali kuchilendo, m'madzi ozizira, chifukwa kampani yaleka kuwafunafuna, ndipo sitima imene inkafufuza yabwezedwa kukayala mapaipi, ati ntchito yachedwa. M'malo mwa thupi, akuluakulu a kampaniyo anafika pakhomo atavala masuti, atanyamula chipewa ndi nsapato za malemu, n'kulonjeza kudzalemba dzina lawo pakhoma la ofesi. Mayi Asimenye, munawafunsa tonse tikumva: "Ndiye ndiwauze apongozi anga kuti akwirire chipewa?"

Inu a kampani, gasi wobisika pansi pa thanthwe, kunsi kwa nyanja, makina anu anamupeza. Koma munthu amene wagwa anzake akuona, mukuti ameneyo ndiye wosatheka kumupeza? Zamanyazi! Bwezerani sitimayo pamadzi.

M'malo mwa mamembala onse, tikupepesa kwa inu mayi, kwa Ipyana, ndi kwa amayi awo a malemu ku Karonga, omwe aletsa adzukulu kukumba manda mpaka atamva kuti mwana wawo wakwera ndege. Mulungu akulimbitseni. Pasiwa sitichokapo, ogwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba za okalamba tizisinthana, nyimbo zisaleke.

Mawu oti mzimu wawo uwuse mumtendere sitiwalemba lero. Tikawanenera ku Karonga, dothi lili m'manja.

Dailesi Kaponda
Wapampando, Bungwe la Amalawi Okhala ku Hull