Buku la Amwenye Pakhonde la Apongozi

Amayi anga, mukudzuka bwanji uko munapitako? Kuno ku Manyamula kwazizira kale, mphepo ikuswa ana milomo. Ndachedwa kukulemberani chifukwa ndimadikira nkhani yabwino yoyambira. Sinabwere, ndiye ndingokuuzani zomwe zilipo.

Chimanga chaka chino sichinachite bwino. Mvula inadula chili pangayaye, ndipo nkhokwe ya apongozi anga sinafike ndi pakati pomwe. Fodya wa alamu anga aakulu, a Jailosi, anabwezedwa kumsika, ati ngwonyowa. Zidzukulu zanu zikukula. Tiwonge ali sitandade 4, ndipo akakwiya amakweza nsidze imodzi ngati inu. Vitumbiko mano akutsogolo agwa, koma pakamwa sipatsekeka. Chichewa amachisunga cha m'kalasi. Ndikawakalipira m'chathu amandiyankha m'Chitumbuka.

Bambo awo, Yotamu, mwina mwakumana naye kumeneko, poti dzinja lachiwiri ladutsa chimuikireni. Musamukalipire kwambiri, anali munthu wabwino. Ndikudziwa kuti ukwati wathu simunausangalalire. Tsiku lija abale ake anabwera ku Dedza kudzakamba za malowolo munandiitanira kuseri kwa nyumba n'kunena kuti, “Esinati, kwathu kuno mwamuna amabwera ndi khasu lake, sabwera ndi ng'ombe. Ng'ombezi sakulipirira iwe, akulipirira ana ako.” Ine ndi satifiketi yanga ya uphunzitsi ndinaseka, ndinkati mukuopa zachikale.

Mwezi wathawu kwabwera lamulo lakuti mphunzitsi aliyense akaphunzitse kuchigawo cha kwawo. Akuno amene anali kumwera akufika pamalole ndi mipando yawo, ife a pakati tikutsika. Ndinapita pa boma ku Mzimba kukafotokoza kuti ndine wamasiye wa ana awiri. Kalaliki anayamba wayang'ana kuchitseko, kenako anandinong'oneza kuti, “Mayi, izi zachokera kumwamba. Musafunsenso, ndapota.”

A Jailosi anandiuza pamaso pa abale, mwaulemu ndithu, kuti, “Alamu, inu pitani, njira njoyera. Kweni ana ndi akuno. Ng'ombe zinalowa m'khola la kwanu.” Anati ngati ndikufuna kukhala ndi anawo ndisiye ntchito, andilowe chokolo, ndikhale mkazi wawo wachitatu. Ndinakana. Munthu mmodzi yekha amene a Jailosi amamumvera ndi mayi awo, apongozi anga NyaLungu, ndipo chiyembekezo changa chonse chinali pa iwowo.

Mukulikumbukira buku lonenepa lija munkaikapo nyali mutabwera kudzandiona ndili ndi pakati pa Tiwonge? Munkati, “Munthu wolemba zonsezi analibe munda.” Anandipatsa mkazi wa mmwenye wa sitolo ya nsalu pa boma paja, nthawi ija anauzidwa kuti atseke masitolo akakhale m'mizinda. Anati sutikesi yadzaza. Linakhala zaka pansi pa bedi, mpaka Yotamu atamwalira ndinayamba kuliwerenga kuti ndisamamve zii wa m'nyumba.

Lamlungu lina apongozi anandipeza ndikuseka ndekha, ndipo anafuna kudziwa chondiseketsa. Ndinawamasulira pang'ono. Kuyambira pamenepo, tikaweruka kutchalitchi amayi a m'mudzi ankasonkhana pakhonde pawo, aliyense ndi lichero la chimanga chotonola, kuti wodutsa asakanene kuti tikuchita msonkhano wopanda chilolezo. Ine ndinkawerenga Chingerezi chamumtima n'kumawauza m'Chitumbuka changa chothyokathyoka.

Ndi nkhani ya banja limodzi lalikulu la ku India, ana aamuna anayi ndi akazi awo pansi pa denga limodzi, maukwati, maliro, milandu ya malo ndi mikangano ya kukhitchini. Mayina awo anatikanika lilime, ndiye tinawapatsa athu. Apongozi a m'bukumo tinawatcha NyaMakiyi chifukwa amayenda ndi makiyi a nyumba yonse m'chiuno. Mukanawamva amayiwa tsiku lomwe anamva kuti kumeneko wolipira paukwati ndi bambo wa mtsikana. Anaseka mpaka chimanga kutayika. NyaMoyo, woyandikana nafe, anati, “Apereke mwana, aperekenso chuma? Ine ndi ana anga aakazi asanu bwenzi ndikugona m'tchire.” Namwino wathu, Mayi Likaka a ku Thyolo, ankangodandaula za kutalika kwake, ati ukwati umodzi wokha tatha nawo mwezi, chikhalirecho mkwatibwi sanatuluke m'chipinda. Koma sanajombepo. Apongozi ndiwo ankalira pachilichonse, ngakhale pa imfa ya ng'ombe yokalamba ya m'bukumo.

Lamulo lija litabwera ndinali nditawerenga kale za kutsogolo. Muli mkamwana wamng'ono amene mwamuna wake amwalira n'kumusiyira kamwana kamodzi. Amuswera zibangili za m'manja, amuveka zoyera, ndipo bambo ake abwera kudzamutenga. NyaMakiyi akana ndi mwana. Mayiyo atuluka pageti mwana wake akumenya chitseko mkati. Ndinati ndikaima pamaso pa apongozi kupempha ndekha adzati mkamwana alibe mwambo, koma buku lingathe kundipemphera. Munthu wolirira ng'ombe ya m'nkhani angalephere bwanji kulirira mayi ameneyu? Ndinalumpha mitu ingapo kuti tifikepo msanga.

Ndinawauza pang'onopang'ono, osasiyako kanthu. Manja onse anasiya kutonola. NyaMoyo anabisa nkhope m'chitenje. Mayi Likaka anati, “Gogo ameneyu alibe mtima.” Apongozi analira kuposa onse, mapewa mpaka kugwedezeka, ndipo mumtima ndinati basi, zatheka.

Atapukuta misozi anati, “NyaMakiyi wandimvetsa chisoni chomene. Mwana wake wapita, chomwe chatsala cha mwanayo ndi kamdzukulu kokha, ndiye nakonso apereke? Mbwenu nyumba yazima. Amwenyewa ndinkawayesa anthu achilendo, kani mwambo akuudziwa.” Kenako anandigwira dzanja. “Yewo, mkamwana. Mtima wanga umakayika. Ndimafuna kuuza Jailosi kuti akupatse kamkazika upite nako, kamwamuna katsale. Buku lako landilimbitsa. Yotamu wanga ali mwa onse awiri.”

Amayi, Tiwonge anali kale m'manja mwanga ine osadziwa, ndipo ndinamubweza ndekha ndi pakamwa panga. Ndinagwada pomwepo n'kupempha poyera, zomwe ndikanachita poyamba. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, akundisisita kumsana, koma anati anena kale pamaso pa anthu. Mayi Likaka anayesa kuthandiza, anati zimenezi n'zongopeka munthu wina wa kutali. Apongozi anayankha kuti wopekayo anaikapo mwana m'manda, amumva m'mawu ake.

Ndakwiya, koma ndikusowa womukwiyira. Ndikanakonda apongozi akanakhala munthu woipa. Ndi iwo amene anandisambitsa nditabereka Vitumbiko, inu muli kutali. Anawo sadzagona ndi njala pakhomo pawo, ndikudziwa. Mkwiyo wina sindingaulembe ngakhale kwa inu, poti masiku ano munthu amaopa ndi pepala lomwe. Munkati, “Lira uku ukupalira,” ndiye ndikulongedza. Mbale ndagawa, mabulangete awiri abwino ndawasiyira ana.

Amayi a pakhonde akundiumiriza kuti ndiwamalizire bukulo ndisanapite. Akufuna kudziwa ngati NyaMakiyi adzafewe mtima. Ndawauza kuti maso akundipweteka. Ine ndinalimaliza. Mkamwana wamasiye uja sabwereranso kudzakhala m'nyumbamo. Patapita zaka aitanidwa kuukwati wa mwana wake, ndipo mwanayo amulandira bwino, amupatsa mpando wa alendo, n'kupita kukafunsa agogo ake kuti mayi ake amamwa tiyi wa shuga kapena ayi. Wolembayo sakuweruza aliyense, ndipo nkhani ingopitirira ndi ukwati wina.

Apongozi anandiuza kuti patchuthi ndizibwera, palibe wondiletsa. Koma inu mukudziwa kutalika kwa Dedza ndi kuno, komanso mukudziwa malipiro a mphunzitsi. Ndikadzakwanitsa kamodzi pachaka ndidzathokoza Mulungu. Vitumbiko sakumvetsa, akungosangalala kuti adzaona lole. Tiwonge akumvetsa zonse, nchifukwa chake wasiya kundiyang'ana m'maso. Dzulo tikuchapa kumjigo anandifunsa kuti, “Amama, mukadzabwera tidzakuphereni nkhuku ngati alendo?” Ndinati eya, mudzandiphere yonenepa. Anagwedeza mutu n'kupitiriza kuchapa.

Ndikubwera kwathu, Amayi, monga munkafunira, koma ndikubwera ndekha. Ndikangotsika ndidzapempha amalume andiperekeze kumanda. Ndidzalambula pamene mwagonapo, ndipo ndikulonjeza kuti ndidzakhala pansi n'kukutchulirani mayina a zidzukulu zanu mokweza, kuti amvekeko kamodzi pamudzi pathu.

Ndimakukondani, ndipo munali olondola.

Ndine mwana wanu,
Esinati