Kalata imene Bambo wa Tayi akufuna

Lachiwiri, 4 Malichi
Mwana watsopano lero kuofesi yanga yolangiza ana kuno kuchipatala. Mtsikana, zaka zisanu ndi ziwiri. Wasiya kulankhula kusukulu, akumadzizula tsitsi. Makolo ake akumulimbirana kukhoti. Anabwera naye ndi bambo ake: tayi yofiira, fungo la perefyumu chipinda chonse. Kulowa osagogoda, kukhala pampando wanga. "Mumukonze msanga, ine ndili ndi misonkhano." Ngati wabweretsa wailesi yakufa. Ndinamwetulira, ndi ntchito. Mumtima ndimafuna kukoka tayiyo mpaka lilime litatuluka.

Lachiwiri, 11 Malichi
Mphindi makumi anayi pakapeti, mwanayo ndi ine. Chete. Anakwirira kachidole m'bokosi la mchenga, kukafukula, kukakwiriranso. Ndinamuuza kuti akweze chala chimodzi ngati kachidoleko kakwiya, ziwiri ngati kachita mantha. Anakweza zitatu. Wanzeru kuposa bambo ake. Iwo panja pafoni, kutukwana mayi a mwanayo, chitseko chili chosatseka bwino.

Lachiwiri, 18 Malichi
Walankhula. "Amayi amandimenya ndi waya wa ayironi tsiku lililonse." Mawu osalala, oloweza, maso ali kuchitseko. Kenako chapansipansi: "Ndanena bwino?" Ndadziwitsa oyenera monga mwa lamulo. Nesi wamuyeza, palibe ngakhale kachipsera.

Lachinayi, 20 Malichi
Bambo wa Tayi abwera okha. Kalata yakukhoti yolembalemba kale, yoti mwana amaopa mayi ake. Ine kwanga kungosaina. Ndakana. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi: "Inuyo muli ndi mwana?" Akudziwa kuti ndilibe. Wina wawauza, ndipo ndikukayikira wapakauntala yolandirira anthu uja, pakamwa pake sipauma. Ndakalirira kuchimbudzi ngati chitsiru. Bambo wa Tayi, galu wa munthu.

Lolemba, 24 Malichi
Bambo wa Tayi akandinenera kwa abwana anga, ati ndine wokondera. Abwana: "Bwanji mwanayo tim'patse mlangizi wina?" Iwowa akangoona tayi, amangogonja. Ndawauza kuti lipoti langa lipita momwe ndalilembera, ndipo akandilanda mwanayo ndilembamonso chifukwa chake. Sananditsanzike potuluka. Zawo izo.

Lachiwiri, 25 Malichi
Bambo wa Tayi sanabwere naye mwana. Ndinasongola mapensulo onse a mitundu, ngakhale osongoka kale.

Lachisanu, 11 Epulo
Khoti lalamula kuti apitirize kubwera. Lero amubweretsa ndi mayi ake. Yunifomu yakuntchito, nsapato zakutha, maso otopa. Ndinawamvera chisoni, mpaka tiyi ndinawapangira. Tiyi asanazizire, anandiyandikira: "Ndiye mulemba kuti bambo ake ndi amene amusokoneza mutu, eti?" Kenako kwa mwana, akumusisita phewa: "Auze aanti zija tinakambirana."

Nawonso. Ndinawalozera benchi yapanja, ndipo sindinamwetulire.

Mwana anatseka chitseko yekha, mwamphamvu. Anaponya mabuku pansi, kugwetsa mpando, kukuwa mpaka mawu kusasa. Nesi anasuzumira, ndinamubweza ndi dzanja. Atatopa anakhala pansi, wefuwefu, mamina ali chuchuchu.

"Ndikudana nawo onse awiri. Koma ndikuwafunanso. Ndizololedwa?"

Ndinati m'chipinda muno ndizololedwa, ndipo sindimuuza kuti asankhe mbali. Anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi, n'kufunsa ngati Lachisanu likubwerali ndidzakhalapo.

Abwana sanandiyankhebe ngati andisiyira mwanayu. Koma mwanayo ndamuuza kuti inde.