Levor ya Agogo Isalire pa Ukwati wa Achimwene

Gardone, Italy
15 Seputembala 1974

Okondedwa Bambo,

Landirani moni wanga, inu pamodzi ndi amayi. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Bondo lija likukuvutanibe potsika ndi nkhosa kuphiri? Ine kuno ndili bwino. Azakhali a Stana nawonso ali bwino, kungoti akudandaula msana monga mwa masiku onse. Kalatayi muyambe mwaiwerenga nokha musanawapatse achimwene a Vukota, chifukwa muli nkhani imene ndikufuna imveke kwa inu poyamba.

Tchizi chimene amayi anapatsira a Blažo, oyendetsa lole aja, chinafika bwino, pamodzi ndi nyama youmitsa pautsi ija. Azakhali abisa zonse m'kabati ndipo kiyi akuyenda naye m'thumba. Akuti tikadya mmene tinadyera tsiku loyamba, sizifika Lamlungu. Muwauze amayi kuti masokosi aubweya andikwana.

Kuno mvula yayamba ndipo m'mawa chifunga chimadzaza chigwa chonse, moti popita kuntchito mtsinje umangoumva osauona. Ndikadali pa benchi langa lapawindo kwa a Tarcisio, amisiri amene anandilemba ntchito aja. Mfuti ikatha kupangidwa imabwera kwa ine, ndimaipukuta, kuithira mafuta, n'kuikulunga m'pepala. Zonse ndi za m'manja, za mtundu wa levor, zokhala ndi kang'oma kozungulira kolowamo zipolopolo, ngati ya agogo ija, kungoti izi n'zocheperapo. Zambiri zimapita ku America. Vuto langa ndi zala. Zada ndi mafuta ndipo sopo akulephera. Azakhali akuti ndizipaka mandimu usiku uliwonse, apo ayi pa ukwati anthu adzayesa kuti ndinapita ku Italy kukagulitsa makala.

Loweruka masana amisiri ndi anzawo amakasonkhana pamalo owomberapo, pamene kale ankaswapo miyala, ndipo ine ndimawapititsira khofi. Bambo, mukanawaona mukanaseka. Ndi akuluakulu a imvi, wina dokotala wa mano, wina wogulitsa nyama, koma amakangana ngati ana. Aliyense amabwera ndi levor yake itakulungidwa m'nsalu ngati khanda, ndipo nthawi imene amathera poiyamikira imaposa imene amathera powombera.

Pali mnyamata wina dzina lake Ottavio, amene amayesa mfuti zathu zisanachoke pantchito. Iyeyu anagula mfuti yatsopano, ya mtundu uja wolavula wokha makoko a zipolopolo. Tsiku limene anabwera nayo sanapume. A Tarcisio anamuuza kuti mfuti yake ilibe mwambo, ili ngati mlendo wodya mtedza n'kumataya makoko pakhomo pa eni. Anati levor imasunga makoko ake mpaka mwini atatambasula dzanja. Ottavio anayankha kuti, madala, pamene inu muzidzamaliza kuika zipolopolo zanuzo chimodzichimodzi, ine ndidzakhala nditakwatira, ana ali kusukulu. Apo amisiri anati, kwatira kaye, mkazi wako ndiye adzakuphunzitse ubwino wosafulumira. Onse anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinangoyang'ana makapu.

Tsiku lomwelo mfuti yatsopanoyo inakakamira, khoko litatsekera pakamwa pake. Ottavio analimbana nayo nkhope itafiira, ndipo dokotala wa mano anamufunsa ngati akufuna aizule dzino. Amisiri anangomupatsira yawo. Pobwerera anandiuza kuti n'chifukwa chake anthu sadzaisiya levor. Akuti chipolopolo china chikakana, umangokokanso, kang'oma n'kutembenuka n'kukupatsa china. Akutinso ilibe chobisa, zonse zimaonekera, ndipo munthu amene agogo ake anaigwira angathe kuimvetsa ndi maso okha. Ndinakumbukira inu mmene mumaitulutsira ya agogo m'bokosi pa tsiku la woyera wa banja lathu, ine nditagwira kansalu ka mafuta pambali panu.

Tsopano ndinene chimene ndalembera.

Mwezi watha kunachitika ngozi pamalo owomberapo paja, ine ndili pomwepo. A Egidio, ogulitsa nyama aja, anabwera ndi levor yakale ya bambo awo. Zipolopolo zake sizigulitsidwanso, ndiye anatenga makoko akale n'kuwadzaza okha ndi onga wa masiku ano. Amisiri anali asanafike. Koyamba inalira bwino, kachiwirinso bwino, anthu n'kuwomba m'manja. Kenako kunamveka kulira kwina kosiyana, ngati mphika wachitsulo wagwa pamwala. Kang'oma kanang'ambika. Chidutswa china anachipeza mawa lake chitalowa mumtengo. A Egidio anataya chala chachikulu ndi chinzake cholozera, dzanja lamanja. Epuloni yanga ndi imene anawamangira popita kuchipatala.

Panopa anatuluka. Nyama akudula ndi akazi awo, iwo amangokhala pakhomo kulonjera anthu. Amaseka, akuti makasitomala apuma chifukwa chala chimene ankakanikizira sikelo chinapita. Koma ndinawaona tsiku lina akulephera kumanga batani la malaya, ndipo sankaseka.

Ndiye a Blažo atabwera ndi tchizi chija, anakhala nafe pachakudya n'kumatiuza za kwathu. Anati zokonzekera ukwati zikuyenda, mbendera ya ukwati yachapidwa, kachasu wakwana. Anatinso inu mwanenetsa kuti gulu lobweretsa mkwatibwi likadzaonekera pamlatho, levor ya agogo idzalira m'dzanja lanu monga inalirira pa ukwati wanu. Kenako anawonjezera moyamikira kuti achimwene ndi ochenjera, poti zipolopolo zake zinatha kalekale, atola makoko akale aja m'bokosi ndipo awadzaza ndi onga wochotsa m'zipolopolo za mfuti yosakira nguluwe. Bambo, supuni inandigwa. Azakhali anandifunsa ngati dzino landiwawa, ine ndinangoitola n'kupitiriza kudya poti panali mlendo.

M'mawa mwake ndinalimba mtima ndi kuwafotokozera a Tarcisio. Sindinayambe ndawayambitsapo nkhani chibwerereni kuno, moti anazimitsa makina kuti andimve. Anandifunsa kukula kwake, ndinawaonetsa ndi manja. Anandifunsa za chogwirira, ndinawauza kuti ndi cha nyanga, ndipo kang'oma kamagwedera pang'ono mukakagwira. Anavula magalasi. Anati, mwanawe, chitsulo cha nthawi imeneyo anachipangira onga wakuda wautsi uja, umene umakankha pang'onopang'ono ngati ng'ombe. Onga wa lero umamenya ngati nyundo. Anati ikhoza kulira bwino kamodzi kapena kawiri, ndipo pamenepo ndi pamene munthu amapusitsika. Anatinso pa ukwati munthu amawombera m'mwamba, mfuti ili pafupi ndi mutu wake, ana atamuzungulira.

Musaganize kuti anainyoza. Ayi ndithu. Maso awo anawala ngati mwana. Anaitana anzawo onse a pa benchi kuti adzamve, ati mtsikana wathu wosalankhulayu kwawo kuli levor yaikulu ya kumapiri, ya m'lamba, ndipo wakhala chete zaka ziwiri. Anati iwo anaionapo imodzi yokha moyo wawo wonse, ndipo akanakhala ndi miyendo yabwino akanayenda wapansi mpaka kwathu ku Nikšić kukaivulira chipewa. Anati nkhalamba yotere pa ukwati saithamangitsa, amaikhazika pamalo aulemu kuti anthu aione.

Ndikudziwa kuti si malo a mwana wamkazi kuuza bambo ake za mfuti. Ndikudziwanso zimene anthu angalankhule, kuti kwa inu a Radoje mwana wamwamuna mmodzi yekhayo wakwatira levor ili chete. Inalira pa ukwati wa agogo, inalira pa wanu, inaliranso tsiku limene achimwene anabadwa. Tsiku limene ndinabadwa ine sinalire, ndipo sindidandaula, ndi mwambo wathu. Sindinakupempheniponso kanthu za mfuti imeneyi. Lero ndikupempha chimodzi.

Bambo, musaiwombe. Musaiyese ngakhale kamodzi kuseri kwa khola kuti muone ngati ndikunama. Muivale m'lamba wanu wofiira uja, ilibe kanthu m'kati, chogwirira chanyangacho chili poonekera, kuti akuchikazi aone nyumba imene mwana wawo akulowamo. Zowombera m'mwamba musiyire ankhoswe ndi mfuti yawo yosakira, imeneyo ndi yatsopano ndipo imamveka mpaka kutsidya. Zipolopolo zimene achimwene adzazazo muwalande, muzitsekere m'bokosi, kiyi apatsidwe amayi. Wina akafunsa, mungonena kuti levor ya agogo inagwira kale ntchito yake, tsopano yabwera kudzaonerera. Munthu akakutsutsani, muuzeni kuti ndi mawu a mmisiri wa ku Gardone, musanene kuti ndi anga.

Achimwene musawakalipire. Anachita zimenezi pofuna kukusangalatsani, ndipo a Egidio nawonso ankafuna kulemekeza bambo awo. Ndikanatha kudikira kuti ndidzanene pakamwa, koma ine ndi azakhali tidzafika kutatsala tsiku limodzi, ndipo ndikudziwa kuti inu simudikira tsikulo musanayese. Ndikudzidziwanso ndekha. Pamaso panu mawu amandithawa.

Ndakhala ndikuganiza za madzulo a ukwatiwo. Anthu akakhuta adzakupemphani kuti mutsitse gusle pakhoma, kaligo wathu wa chingwe chimodzi uja, muimbe za makolo. Palibe wina m'mudzi amene amakoka uta wake pachingwe monga inu. Dzanja lokokera uta ndi lomwelo limene mudzagwirire levor.

Palinso nkhani ina. Iyi si pempho, pempho ndi limodzi lomwe lija. Ottavio amene ndamutchula uja anamva zonse ndikuwauza amisiri. Anati pa Khirisimasi yathu ya mu Januwale, ngati chipale chofewa cha kumapiri chilola, akufuna kubwera ndi lole ya a Blažo adzaione levor ya agogo ndi galasi lake loyesera, adzakuuzeni ngati ingadzalirenso ndi onga wake weniweni wakuda. Akuti akaona kuti ingathe, koyamba adzaimangirira pamtengo n'kukoka ndi chingwe ali kuseri kwa khoma, monga amachitira kuntchito. Azakhali anamufunsa kuti, iwe mnyamata, ulendo wonsewo, mapiri onsewo, chifukwa cha mfuti basi? Iye anafiira mpaka makutu, anati ali ndi kankhani kenanso kofuna kukambirana ndi bambo ake a Milijana, ndiye kuti inuyo, Bambo. Azakhali anati ankadziwa kale, chifukwa palibe munthu amene amafunsa khofi kanayi Loweruka limodzi.

Ndi munthu wabwino, Bambo. Samwa kwambiri, amasamala mayi ake, ndipo mfuti yake yolavula ija anagulitsa. Akuphunzira moni wa kwathu, koma akamanena azakhali amatuluka panja kukaseka. Za kundikwatira sindinamuvomere kapena kumukana. Ndinamuuza kuti kwathu mawu otere amachokera kwa bambo.

A Blažo amuopseza kale kuti inu mukapatsa munthu moni wa dzanja mumamuyesa, ndipo amene wakwinya nkhope mumamuonetsa njira ya kumlatho. Chiyambire tsiku limenelo akuyenda ndi kampira m'thumba, kumangofinya pa benchi, amisiri n'kumamufunsa ngati akukonzekera kukakama mbuzi. Ine ndimaseka nawo, koma mumtima ndimaona a Egidio ndi batani lawo lija. Ndikufuna kuti akadzaima pakhomo pathu n'kutambasula dzanja lake, adzapeze lanu lili lathunthu. Mudzamufinye mmene mungafunire.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti nsalu ya kumutu ndawagulira, ya maluwa obiriwira. Moni kwa achimwene a Vukota ndi kwa alamu anga a Darinka, amene ndikuyembekeza kuwalandira pakhomo ndi zala zoyera ngati mandimu andithandiza. Moni kwa amalume ndi ana awo onse, kwa ankhoswe, ndi kwa agogo aakazi, muwalankhule mokweza kuti amve kuti ndawatchula. Azakhali a Stana akuti ndikuuzeni kuti ndinu ouma mutu chibadwire, koma ulendo uno mumvere mwana. Amenewo ndi mawu awo, ine ndangolemba.

Mukalandira kalatayi, mupatseni a Blažo liwu limodzi lokha loti andibweretsere. Ndidzagona bwino ndikalimva.

Ndikupsompsona dzanja lanu lamanja, Bambo.

Ine mwana wanu,
Milijana