Chipinda chimene Bambo sanagonemo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife tilipo, koma mtima wanga ukuwawa, ndipo sindikubisirani.

Nambala munatipatsa ija, yoti ndi ya nyumba ya alendo yomwe Bambo akagone podikira opaleshoni ya diso, tinaimba. Anayankha mwamuna waulemu. Anati chipinda chilipo, koma timuwerengere manambala onse a pa khadi la Bambo la kubanki, ndi atatu a kumbuyo omwe. Ine ndinakana. Bambo anandikalipira: "Achimwene ako ndiwo atipezera malo, iwe ukudziwa chiyani?" Poti iwo saona bwino, ndinawerenga ndine, ndi pakamwa pangapa.

Titafika kunyumba ya alendoyo, mayi wa pakauntala anafufuza dzina lathu, osalipeza. Anati, "Pepani, ife sitifunsa manambala a khadi pafoni, ndipo nambala munaimbayo si yathu." Bambo anangokhala pa chikwama chawo pakhonde, chipewa chili m'manja. Kubanki anatseka khadilo, koma ndalama za opaleshoni zinali zitapita kale. Zimene adokotala anena za disolo, Bambo adzakuuzani okha.

Ndakuimbirani kangati, inu osayankha? Bambo akuti ndisakuvutitseni, muli ndi zambiri. Ine ndikuvutitsani ndithu. Nambala imeneyi munaitenga kuti? Mwamuna uja, tisanamuuze chilichonse, anafunsa kuti, "Diso lakumanzere lija likupeza bwanji, Bambo?" Za diso limeneli tinauza inu nokha.

Ndiyankheni msanga, achimwene, ndisanayambe kuganiza zimene sindifuna kuganiza.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira